Mmene ndinagulira Eunos Roadster ya 1992 yoyenda pang'ono mpaka kuifikitsa ku Ulongwe

Abale ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za kagalimoto kofiira kaja, ena mpaka kundiimitsa pa bomba ya mafuta, ndiye ndati bola ndilembe zonse pamodzi aliyense awerenge yekha. Ndi Eunos Roadster ya 1992, kapena tinene kuti Mazda MX-5 yoyamba ija ya nyali zotuluka mu boneti, kungoti ku Japan ankaigulitsa ndi dzina la Eunos. Mtundu umenewu unatuluka mu 1989 nkulekeza mu 1997, ndi ya anthu awiri basi, denga lansalu, injini 1.6 pa za zaka zoyambirira ngati yangayi, kulemera kwake ngakhale tani imodzi sikufika. Yanga inafika isanakwanitse makilomita 30,000, galimoto ya zaka zoposa 30, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo chifukwa nambala yotere imakopa mtima kwambiri komanso ndi yomwe anthu amaberedwa nayo.

Mtengo ndinene poyamba, si wotchipa. Ku America lamulo lawo limalola kulowetsa galimoto yakunja mosavuta ikakwana zaka 25, ndiye magalimoto a masewera a ku Japan a m'ma 1990, ma Skyline, ma Supra, ma RX-7, onse anakwera mtengo chifukwa ogula anachuluka. Roadster ndiyo inatsala yoti munthu wa bizinesi ya mbatatesi ngati ine angaifikire chifukwa anazipanga zambirimbiri, koma yoyenda pang'ono imadulabe kwambiri kuposa inzake ya chaka chomwecho yomwe yayenda 150,000.

Ndinayamba ndi despachante, munthu woyendetsa mapepala a kasitomu, osati ndi galimoto. Izi ndikulangiza aliyense. Musanapikisane pa okushoni pezani despachante wovomerezeka, mumupatse chaka cha galimoto, kukula kwa injini ndi mtengo womwe mukuganizira, akuwerengereni zonse za ku Alfândega (kasitomu), msonkho wa direitos, wa ICE, ndi wa IVA (VAT) womwe pano uli 16 peresenti, kuphatikizapo za padoko ndi zake iye mwini. Wanga atamva chaka anandifunsa kawiri, "bambo, mwati 1992 kapena 2012?" kenako anakhala pansi nkuwerengera, ndipo ndalama yomwe inatuluka ndi imene inandiuza polekezera pa okushoni. NUIT yanu, nambala yanu ya msonkho, ikhale ilipo kale chifukwa zonse zimadutsa pa Janela Única, njira ya pa kompyuta ya kasitomu, ndi nambala imeneyo.

Pa okushoni ya ku Japan munthu wamba sulowa wekha, umadzera kwa kampani yotumiza magalimoto kunja yomwe ili ndi chilolezo, iwo ndi amene amakuikira mtengo. Galimoto iliyonse imakhala ndi pepala lake, auction sheet, lolembedwa ndi woyendera wa pa okushonipo, ndipo pepala limeneli ndinaliphunzira mpaka kulilota. Pamwamba pamakhala giredi, 5 kapena 4.5 ndi yabwino zedi, 4 ndi yabwinobe, 3.5 yayamba kutopa, R kapena RA ndiye kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa. Chaka amalemba cha kalendala yawo, H1 ndi 1989, ndiye yanga inali H4. Pansi pamakhala chithunzi cha galimoto chokhala ndi tizilembo, A ndi kukandika, U ndi kuphwanyika pang'ono kolowa mkati, W ndi pomwe anapentapo, XX ndi chitsulo chosinthidwa, S ndi C ndi dzimbiri. Koma chachikulu kwa ife ofuna yoyenda pang'ono ndi kachizindikiro ka pambali pa makilomita. Mukaona * ndiye kuti mita inabwezedwa mmbuyo, $ mita inasinthidwa, # makilomita ake sakudziwika. Imodzi yoyera yokongola kwabasi ndinaisiya chifukwa cha kanyenyezi kameneka, moti wondiikira mtengo uja anali asanakatchule nkomwe, ndinakaona ndekha nditakulitsa chithunzi pa foni.

Pepala lokhalo silokwana ayi. Mita ya galimoto zimenezi ndi ya timawilo tozungulira, munthu wa sikulu diraiva akhoza kuibweza madzulo amodzi. Ndiye umboni wina umachokera ku shaken, kuyeza kwa boma la Japan komwe galimoto imapita zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyambira 2004 amalemba makilomita pa satifiketi. Export certificate imaonetsa makilomita a maulendo awiri omaliza ndi madeti ake, ndiye mumaona ngati nambala zikukwera bwinobwino kufika pa ya lero. Koma taganizani, galimoto ya 1992 inakhala zaka 12 asanayambe kulemba zimenezo, ndiye pa zaka zimenezo umboni ndi buku la ku garaja lomwe mwini wake ankadinditsa akapita ku sevisi. Yanga inali nalo, mapepala achikasu ndi ukalamba, zidindo za garaja imodzimodzi chaka ndi chaka, makilomita akukwera pang'onopang'ono, chikwi chimodzi chaka chino, chaka china osakwana nkomwe. Chimenechi ndiye chinandikhazika mtima pansi kuposa giredi.

Kenako ndinalipira munthu woti akaione ndi maso nkundijambulira zomwe ndamuuza, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe ingakupulumutseni. Ndinati ajambule rabala ya pa pedulo ya kilatchi ndi ya buleki, mphepete mwa mpando wa dalaivala pomwe munthu amakhula akamalowa, chiwongolero, mutu wa giya, timasikulu ta pa mita ngati tinamasulidwapo, ndi timasitika ta oyilo ta pa chitseko. Galimoto yomwe yayenda 30,000 rabala ya pedulo imakhala ndi mizere yake yonse, ikakhala yosalala mbali imodzi kapena yatsopano mbee pamene zina zonse nzakale, dzifunseni kawiri. Anagonanso pansi nkujambula kunsi, makamaka kutsogolo kwa matayala akumbuyo, chifukwa Roadster imawolera pamenepo, madzi a padenga amatsika ndi timipaipi tamkati ndiye tikatsekeka madzi amangokhala m'chitsulo. Funsaninso dera lomwe inkakhala, za ku Hokkaido ndi madera ena a chipale chofewa amathira mchere m'misewu ndiye kunsi kumadyeka ngakhale itayenda pang'ono bwanji. Za 1989, 1990 ndi zoyambirira za 1991 ndinazipewa dala, zili ndi vuto lodziwika la kumapeto kwa crankshaft komwe kumamangidwa pule, nchifukwa chake ndinkasaka 1992.

Kulipira ndinadzera ku banki ku Tete ndi invoice, madola, ndipo dzina la akaunti linali la kampani lomwelo la pa invoice, ku Japan komweko. Wina akakuuzani kuti akaunti yasintha tumizani ku dzina la munthu, kapena mwamupeza pa Facebook ali ndi zithunzi zokongola ndi mtengo wotsika modabwitsa, musatumize ngakhale metikali imodzi.

Ndinasankha kontena yobwera ku Beira m'malo moikweza sitima poyera, chifukwa denga lansalu ndi zenera lakumbuyo la pulasitiki sizichedwa kung'ambika, komanso tizinthu ta mkati timasowa m'njira. Kudikira kwake nkowawa, kumatenga miyezi. Mapepala enieni, BL (pepala la katundu wa pa sitima), invoice ndi export certificate ndi kumasulira kwake, anabwera ndi kampani ya makalata sitima isanafike ndipo ndinawapereka kwa despachante tsiku lomwelo, chifukwa kontena ikangogona padoko kupitirira masiku aulere ndalama imawerengedwa tsiku ndi tsiku. A Alfândega anayang'ana nambala ya chasisi, ya mtundu uwu imayamba ndi NA6CE, nkuifananiza ndi mapepala, tinalipira, inatuluka.

Tsono apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse abale. Itatuluka m'kontena inaliza kamodzi kokha, injini phee bwinobwino, ndipo mnyamata wina wa padoko anati "patrão ingoyendetsani, Tete mufika lero lomwe". Ndinakana. Kuchoka ku Beira kudzera Inchope, Chimoio, Vanduzi, Catandica, Guro, Changara mpaka Tete ndi makilomita pafupifupi 600, malole a ku Malawi ndi Zambia ali mbwee, kutentha kwa ku Changara mukukudziwa. Galimoto yoima nthawi yaitali ili ngati nyumba yosagonamo munthu, imaonongeka mwakachetechete kuposa yokhalamo anthu. Chitsulo chimakhala chatsopano inde, koma rabala iliyonse yakalamba ndi zaka, siiwerenga makilomita. Ndinaikweza pa lole mpaka ku ofisina ya a mesitre anga ku Tete.

A mesitre atatsegula boneti sanayankhule kaye, anangofinya paipi ya pamwamba ya redieta ndi zala ziwiri, inalira kuti tswee ndipo timing'alu tinaoneka mbali yonse. Mutu wa redieta womwe umayenera kukhala wakuda unali utasanduka wofiirira, anati "achimwene, pulasitiki ikafika mtundu uwu imaphulika tsiku lililonse, ku Guro simukanadutsa". Matayala mapanga ake anali akuya ngati sanapondepo msewu, koma pa nambala ya DOT panali manambala atatu okha kumapeto, kutanthauza kuti anapangidwa chisanafike chaka cha 2000, a masiku ano amakhala anayi, sabata ndi chaka. Ukalikanda ndi chikhadabo linali gwa, mbali mwake muli ming'alu yopyapyala. Matayala otere pa phula lotentha la ku Tete ndi imfa.

Ndiye tinasintha zonse tisanaiyendetse, timing belt ndi pampu ya madzi ngakhale makilomita ake anali asanakwane, mapaipi onse a madzi, redieta, malamba ena, oyilo wa injini, wa giya ndi wa difu, mapulagi, fyuluta ya petulo. Thanki tinaikhuthula, petulo wake anali wachikasu wonunkha ngati vanishi. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pa zaka, ndiye anali akuda bii ndipo kalipa imodzi yakumbuyo inali itagwira, kasilinda ka kilatchi nako kanayamba kudontha titangopondaponda. Matayala ake ndi 185/60 R14, anapezeka mosavuta. Zina tinaitanitsa ku Joni, zina ku Japan, ndipo mwayi wake Mazda mu 2017 inayamba pulogalamu yokonzanso ma Roadster oyambawa nkuyambiranso kupanga zipangizo zina, ndiye si galimoto yosowa sipeya ngati zina zakale. Ndalama ya ntchito imeneyi muiike pambali musanagule, ine ndinaiwerengera limodzi ndi msonkho kuyambira pachiyambi, ndipo a mesitre ndinawapempha kuti chilichonse chochotsedwa asataye, ndinasunga m'katoni pamodzi ndi buku la sevisi lija chifukwa galimoto yotere mtengo wake uli pa umboni.

Za matrikula (nambala ya galimoto), livrete (buku la galimoto) ndi título ya umwini despachante anandithandiza kutsata ku maofesi a boma a INATRO ndi Conservatória, kenako inspesao (kuyezetsa galimoto) ndi seguro (inshuwalansi), apa palibe chachilendo, nchimodzimodzi galimoto ina iliyonse. Chiwongolero chili kumanja ngati zathu zomwe, ndiye palibe chosintha. Mapepala onse muziyenda nawo chifukwa apolisi a pamsewu amaiimitsa kawirikawiri, ambiri amangofuna kuona nyali zija zikutseguka.

Kuchoka ku Tete ndinanyamuka mmamawa dzuwa lisanakwiye, kuwoloka Zambezi, kudutsa Moatize, kukhota pa Mussacama kukwera kumtunda kwathu ku Angónia, ndipo mphepo itayamba kuzizira ndinatsitsa denga. Galimotoyi ndi yaifupi kwambiri, pa ma lomba (mahampu) umadutsa chopingasa pang'onopang'ono, maenje umawazemba uli maso, ndipo msewu wafumbi wa kumunda nthawi ya dzinja sindiyerekeza nkomwe, kumeneko ndi kwa Hilux. Ena amandiuza kuti ndiziisunga m'nyumba makilomita asakwere mtengo ungagwe, ine sindigwirizana nazo, kuima komweko ndi komwe kunaumitsa mapaipi aja. Sabata iliyonse ndimaitulutsa mpaka injini itenthe bwino, nthawi zambiri njira ya ku Calómuè nkubwerera, ndipo imagona mu shedi chifukwa dzuwa limadya denga ndi dashibodi. Chomwe chatsala pano ndi zenera lakumbuyo lomwe layamba chikasu ndi zipi yake yomwe ikulimba, denga latsopano ndaitanitsa kale, a mesitre akuti tidzaliike mvula isanayambe.