Msewu wa Raate kuseri kwa kope langa

Sabata yonse ndakhala ndikuwerenga za nkhondo ya Finland ndi Soviet Union, ija inayamba pa 30 Novembala 1939. Madeti ndinawaloweza ngati pemphero, koma mutu sunkagwira: zinatheka bwanji kuti Hjalmar Siilasvuo, mkulu wa asilikali a Finland, ndi asilikali ochepa chonchija, aphwanye magulu awiri akuluakulu a Soviet ku Suomussalmi, dera lakum'mawa kwa Finland?

Zinandilowa nditatenga pensulo n'kujambula mapu kuseri kwa kope. Gulu la Soviet la nambala 44 linalowa mu Finland pa msewu umodzi wopapatiza wa Raate, kukathandiza anzawo a gulu la nambala 163 omwe anali atapanikizidwa kale. Cholinga chonse chinali kukafika ku Oulu, mzinda wa m'mbali mwa nyanja kumadzulo, kuti dziko lidukidwe pakati. Koma uku nkhalango, uku nkhalango, chipale chofewa chakuya ndithu. Akasinja, magalimoto ndi akavalo anangondandalika pamzere wa makilomita ambirimbiri, kupatuka ayi, kutembenuka ayi. Nditaujambula mzerewo ndinaona kuti akumbuyo sakanatha kuthandiza akutsogolo.

Anyamata a Siilasvuo ankavala zoyera n'kumayenda pa ma ski, matabwa aatali otsetsereka nawo pa chipale chofewa. Analambula njira yawoyawo pamwamba pa nyanja zouma ndi chisanu, moyandikana ndi msewuwo, ndiye amangotulukira pamene afuna, kudula mzere, n'kuzimiririka. Chidutswa chilichonse chozingidwa chimatchedwa motti, mawu omwe kwawoko amatanthauza muyezo wa nkhuni zounjika, zodikira kuwazidwa. Ndinaseka ndekha m'chipinda, kenaka ndinachita manyazi, poti nkhunizo anali anthu.

Chomwe chandikhala mumtima ndi nkhani ya chakudya. A Finland ankasakasaka makhitchini oyenda ndi moto wowotha wa adani, kuzizira kukupitirira madigiri 30 kunsi kwa ziro, pomwe iwo amakapuma m'matenti okhala ndi mbaula. Msilikali wosamwa chotentha masiku angapo mfuti amangoigwira mwamwambo. Pofika pa 8 Januwale 1940 gulu la 44 linali litabalalika, ndipo mtsogoleri wake, Alexei Vinogradov, anaomberedwa ndi akwawo omwe.

Pansi pa mapu aja ndinali nditalemba kale kuti Finland inapambana nkhondoyi. Tsamba lotsatira ndinapeza kuti nkhondo itatha pa 13 Malichi 1940, dzikolo linataya mzinda wa Viipuri ndi dera lalikulu la Karelia. Ndinayamba kufunafuna labala.