Makhadi atatu a m'katoni ya amalume

Amalume atapuma ntchito pa ofesi ina kuno ku Mangochi boma, anapatsidwa kompyuta yomwe inkafuna kutayidwa, pamodzi ndi katoni ya zipangizo. Yakhala m'chipinda cha matumba a chimanga zaka zambirimbiri. Mwezi watha anandiimbira: "Mphwanga, poti umakonza mafoni, tadzaona chinthuchi. Muli makalata anga a minda." Ndinakwera kabaza, kuwoloka mlatho wa pa Shire, dzuwa lili phwee.

Kompyutayo ndi Pentium ya Windows 95. Inayaka, ngakhale inkalira ngati chigayo. Vuto linali kutulutsamo makalatawo. Pobayira USB palibe, ndipo madisiketi onse anachita nkhungu ndi chinyontho cha kunyanja kuno. Njira yotsala inali kuilumikiza ndi laputopu yanga pa netiweki. M'katonimo munali makhadi atatu a netiweki, onse olowa m'mipata yakuda yaitali ija yotchedwa ISA, yomwe inayamba ndi IBM PC mu 1981.

Loyamba linali 3Com 3C501, lakalekale. Ndinangoliyang'ana n'kuliika pambali. Silikhala ndi RJ45, bowo lobayapo chingwe cha netiweki lomwe timalidziwa lero. Lili ndi BNC, kachitsulo kozungulira ka chingwe chonga cha eriyo ya TV. Chingwe chimenecho chinkayenda kuchoka pa kompyuta iyi kupita pa inzake ngati mkanda, osapitirira mamita 185, ndipo kumapeto konse kuwiri kunkafunika kachotsekera ka ma ohm 50. Wina akangochigwedeza ndi phazi pansi pa tebulo, ofesi yonse zii. Amalume atandiona ndagwira kachitsuloko anaseka, akuti iwo ndi omwe ankakhala kumapeto kwa chingwe, ndiye aliyense ankawaloza chala. Komanso 3C501 limasunga paketi (kachidutswa ka deta koyenda pa chingwe) imodzi yokha nthawi imodzi. Pomwe kompyuta ikuwerenga paketiyo, khadilo limagontha, zobwera pambuyo zimangotayika.

Mtima wanga unali pa lachiwiri, 3C509, lomwe amati EtherLink III, la mu 1992. Ili ndiye khadi labwino, sindikana. Limayamba kupereka paketi kwa kompyuta isanathe n'komwe kufika, choncho limafulumira kuposa anzake ngakhale onse ndi a ma megabit 10 pa sekondi. Lilibe timajampa, tizipangizo tating'ono tosuntha ndi zala posintha kagwiridwe ntchito ka khadi. Zonse umasintha ndi pulogalamu yake, 3C5X9CFG, ndipo khadilo limazisunga m'mutu mwake. Apa ndi pomwe ndinagwa nalo. Amene analikonza kale analiuza kuti lizilankhulira pa BNC. Ndinabaya chingwe changa pa RJ45, Windows inaliona bwinobwino, koma silinatumize kanthu. Pulogalamu yolisinthira inali pa disiketi yankhungu ija. Pa intaneti imapezeka, inde, koma ndikanailowetsa bwanji m'kompyuta yomwe ndikuvutikira kuilumikizayo? Ndinakhala pakhonde kanthawi, azakhali n'kundibweretsera thobwa.

Lachitatu linalibe dzina la kampani lowoneka, lotengera NE2000 ya Novell. Novell inatulutsa NE2000 kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pamtengo wotsika dala, pofuna kuti anthu agule pulogalamu yake yoyendetsa netiweki yotchedwa NetWare, ndipo makampani ankhaninkhani anayamba kupanga ofanana nalo. Akatswiri amalinyoza chifukwa limalemetsa purosesa: deta yonse iyenera kunyamulidwa ndi purosesayo pang'onopang'ono. Koma pamsana pake panali katebulo kolembedwa ndi utoto woyera, kosonyeza pomwe uike kajampa kalikonse. Palibe disiketi, palibe kulota. Maso ndi zala basi.

Nalonso linandipusitsa kamodzi. Linali pa IRQ 3 (IRQ ndi nambala yomwe chipangizo chimaitanira purosesa), pomwe modemu yakale ya m'kompyutamo, ya pa COM2, inali pomweponso. Zinthu ziwiri kuitana purosesa ndi belu limodzi, kompyuta n'kuuma gwa. Ndinazimitsa, kusuntha kajampa ndi kapanilo kanga ka mafoni kupita pa IRQ 10, adilesi n'kuisiya pa 300. Mwayi wina unali woti mafayilo oikira Windows 95 anasiyidwa pa hard disk, ndiye driver ya NE2000, kapulogalamu koyendetsa khadilo, inapezeka momwemo. Ndinapatsa makina awiriwo ma IP (manambala odziwirana pa netiweki) oyandikana, n'kutsegula FTP, njira yotumizirana mafayilo, pa laputopu. Cha m'ma 4 koloko makalata anayamba kuwoloka, onse pamodzi osakwana kukula kwa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp.

Mukandifunsa khadi lopambana pa atatuwa, pa pepala ndi 3C509, ndipo ndalitenga kuti ndidzalikonze ndikapeza disiketi yamoyo. Koma lomwe ndalisiya m'kompyuta ya amalume ndi lopanda dzina lija. Tsopano akufuna ndiwasindikizire kalata ya munda wa ku Namwera, akuti Loweruka apita nayo kwa amfumu.