Katapila wanga uja: za fyuluta ya oyilo pomwe zafika

Anthu mwakhala mukundifunsa kuti chitsulo chija chidzalira liti, ndiye ndati ndilembeko pomwe ndafika. Amene simukumudziwa, ndi katapila wamng'ono, thirakitala yoyenda pa matcheni, Caterpillar D2 wa nambala zoyamba ndi 5U, injini yake ndi D311 ya dizilo ya masilinda anayi. Ma D2 anapangidwa kuyambira 1938 mpaka 1957, ndiye ngakhale atakhala chitsirizira weniweni kutuluka mufakitale, ndi wamkulu kuposa bambo anga. Ali pa puloti ku Eikenhof kummwera kwa Joni kuno komwe ndimagwira ntchito, abwana anati ukamudzutsa ndi wako, ine akungonditsekera malo. Basi kuyambira pamenepo Loweruka lililonse anzanga akamapita kukaonera mpira ine ndimakhala ndili chagada pansi pa chitsulo.

Masabata atatu apitawa ndathera pa fyuluta yokha. Ndimaganiza kuti ndi ntchito ya m'mawa umodzi, kumasula, kutsuka, kubwezera, masana ndili pa nsima. Ayi ndithu. Nditatsegula chitini chake chija ndinapeza phala lakuda lolimba ngati dothi la m'dambo nthawi ya chilimwe, lochita kukumba ndi sikuludiraiva. Mkati munali sefa yachitsulo, ndipo pakati pake wina kalekale anaikapo fyuluta yoti si yake, yaifupi, yosafika pamwamba, labala yake palibe. Ndiye kuti oyilo ankangoizungulira ngati mmene madzi amalambalalira mwala mumtsinje. Kunjaku chitini chooneka bwinobwino, penti yachikasu ikadalipo, koma mkatimo zaka kaya zingati palibe chimene chimasefedwa.

Chinandiwawa kwambiri ndi kavalavu kaja. Pa phazi la fyuluta pali valavu yaing'ono yokhala ndi sipuling'i, ntchito yake ndi yoti fyuluta ikatsekeka ndi zinyalala, kapena oyilo akalimba ndi kuzizira, iyo imatseguka oyilo n'kudutsa osasefedwa, poti bola oyilo wakuda kusiyana ndi kuti maberingi aume. Yangayi inali itakakamira chotsegula, sipuling'i yothyoka pawiri. Ndinaiviika mu parafini masiku awiri, kenako kuipala pang'onopang'ono ndi sandipepa wosalala mpaka inayamba kuyenda yokha ndikaikankha ndi chala.

Apa mpomwe tinayamba kukangana ndi madala ena a ku Ntcheu omwe timapemphera nawo, iwowo anagwirapo za makina akuluakulu zaka zambiri kuno ndipo amabwera kudzandiona ati kudzathandiza koma kwenikweni kudzandiseka. Iwo akuti mwana wanga, bwezera mmene unazipezera, anthu amene anapanga chimenechi sanali opusa. Ine ndikuti madala, opusa sanali, koma nthawi yawo inali ina. Dongosolo lomwe lili pa wangayu ndi lakale lija, oyilo yense amadutsa pa sefa yachitsulo yomwe imangogwira zikuluzikulu, ndiye pang'ono pokha ndi amene amapatuka kukadutsa mu fyuluta yosefa bwino n'kubwerera mu sampu, chibeseni chapansi pa injini chomwe oyilo amakhalamo. Zinkayenda chifukwa oyilo wambiri wa nthawi imeneyo ankalola zinyalala kudikha pansi. Wa masiku ano ngati 15W-40 amanyamula mwaye uja n'kumayenda nawo, amafuna fyuluta ya pepala yoti oyilo yense adutsemo asanafike ku kirankishafuti. Madala anangoti chabwino, koma usaboole buloko, thupi la injinilo, ukaboola usadzandiitanenso. Pamenepo ndiye tinagwirizana, inenso kuboola chitsulo cha zaka zonsezi mtima sukanandilola.

Ndiye ndinajambula gasiketi yakale pa katoni, mabowo onse, n'kupita nayo ku Booysens kwa anyamata ena osema zitsulo. Anandipangira mbale yokhuthala yomangira pa mabawuti omwewo a chitini chakale, ili ndi pomangira fyuluta zamakono zija zongopotokola ndi dzanja, za malole, zopezeka mu shopu iliyonse ya masipeya. Ndinasankha fyuluta yokhala ndi valavu yakeyake mkati, yaikulu bwino, poti malo alipo. Ndalama yomwe yapita pamenepo sindilemba, mayi akunyumba amawerenga izi.

Tsopano cholakwa changa, ndipo ndikuchinena dala kuti wina asadzachibwereze. Fyuluta zopotokolazi oyilo amalowera pa timabowo tam'mbali tija n'kutulukira pa bowo lapakati. Ine pojambula pa katoni paja ndinaitembenuza katoniyo osazindikira, polowera ndinalemba potulukira. Mbale yabwera, yokongola, ndamanga, ndatsala pang'ono kuthira oyilo, kenako kamtima kanangoti taona kaye. Ndinatenga kapaipi n'kupopera mpweya kuchokera ku bowo la pampu, ndikumva ukutulukira pakati. Thukuta linatuluka ngakhale kunali chisanu cha July. Mkati mwa fyuluta muli kalabala koletsa oyilo kubwerera m'mbuyo, ndiye ndikanaliza injini choncho kalabalako kakanatseka njira, maberingi osalandira kanthu, mphindi zochepa injini yonse kukhala sikirapu. Ndinabwerera ku Booysens mwamanyazi, anyamata aja anaseka koma anaikonza, anatseka mabowo awiri n'kuboola ena.

Ndisanathire oyilo watsopano ndinatsegula sampu n'kukokolola matope onse ndi manja, kutsuka sefa ya pampu, ndowa inatsala pang'ono kufika theka. Fungo lake mpaka lero lili m'zikhadabo.

Ubwino wa makina amenewa ndi kainjini kapetulo koyambitsira kaja, azungu amati pony, ka masilinda awiri. Umaliza iko kaye, ndiye kamazunguza injini yaikulu kompulesheni ili yotsegula, dizilo osapita, kwinaku kakuitenthetsa. Ndiye kuti ukhoza kuona pulesha ya oyilo injini isanalire n'komwe, palibe chowopsa. Loweruka lapitali tinachita zimenezo, fyuluta ndinaidzaza oyilo ndisanaimange, geji yatsopano ndamangirira ndi waya pambali. Kanazunguza, kanazunguza, muvi uli phee pa ziro, madala ali chete manja kumbuyo, ine mtima uli m'malere, kenako muvi unanjenjemera n'kuyamba kukwera mpaka unakaima cha pa 30. Ndinakuwa mpaka agalu a abwana anauwa. Titatseka kompulesheni n'kupatsa dizilo anatsokomola kawiri, utsi woyera tolotolo, kenako analira bwinobwino.

Sikuti zonse zatha ayi. Pansi pa mbale paja pakudontha pang'ono, ndikukayikira gasiketi yomwe ndinadula ndekha ndi sizasi, ndidulanso ina ndi pepala lokhuthalako. Fyulutayi ndiisiya igwire maola khumi okha kenako ndiichotsa n'kuicheka kuti ndione zomwe yagwira, ngati muli tizitsulo tonyezimira ndiye kuti nkhani ya maberingi yayamba. Chitini chakale, sefa yake ndi kavalavu kaja ndazipaka girisi n'kuziika mu bokosi, madala akuti azisunga kwawo poti ine sandikhulupirira. Sabata yamawa ndikulowa ku matcheni, la kumanzere lija lakhwepa moti likuchita kukhudza pansi.