Dzina la mwana limene limatontholetsa bwalo la zisudzo ku Paris

Ukatsika sitima yapansi panthaka pa siteshoni ya Opéra mumzinda wa Paris n'kuyenda mphindi zisanu kulowera ku tchalitchi cha Madeleine, pali kanjira kokhotera kubwalo laling'ono la Square Édouard-VII. Pamenepo ndi pamene pali nyumba ya zisudzo ya Théâtre Édouard VII, kumene sewero la Le Prénom linayambira mu 2010. Analilemba ndi Matthieu Delaporte ndi Alexandre de La Patellière, ndipo mutu wake ukutanthauza dzina loyamba la munthu. Mu 2012 analisandutsa filimu, imene inagulitsa matikiti oposa 3 miliyoni ku France. Mpaka lero magulu osiyanasiyana amalibwereza, choncho wofuna kulionera ayambe wagula kabuku ka L'Officiel des spectacles, kotuluka Lachitatu lililonse, aone kumene likuchitikira.

Nkhani yake yonse ichitikira m'chipinda chochezera, usiku umodzi. Vincent, wogulitsa nyumba wandalama zake, wabwera kudzadya mgonero kwa mlongo wake Élisabeth ndi mlamu wake Pierre, mphunzitsi wa payunivesite. Palinso Claude, mnzawo amene anakulira naye limodzi. Mkazi wa Vincent, Anna, ndi woyembekezera ndipo wachedwa. Podikira, wina akufunsa dzina la mwana. Vincent akuti adzakhala Adolphe.

Mphindi imeneyi ndi yofunika kutembenuka n'kuyang'ana anthu, osati nsanja. Poyamba pamamveka kukoka mpweya, kenako ziii kwa masekondi awiri kapena atatu, ndipo pambuyo pake m'pamene kuseka kumabuka, kosafanana. Achinyamata amaseka mokweza, mutu chagada. Achikulire ambiri amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja, ena osaseka n'komwe. Mayi wina waimvi pamzere wa kutsogolo kwanga anangopinda manja pachifuwa mpaka mkangano wa dzinawo utatha. Chifukwa chake chili m'misewu ya mzindawu. Asilikali a Adolf Hitler analamulira Paris kuyambira June 1940 mpaka August 1944, ndipo mu July 1942 apolisi a dziko la France lomwelo anagwira Ayuda pafupifupi 13,000 m'masiku awiri. Pamakoma a masukulu ambiri pali miyala yokumbutsa za ana amene anatengedwa osabweranso. Vincent amaumirira kuti lake ndi la "ph", lochokera m'buku lachikondi la Benjamin Constant la mu 1816, koma pakhutu mayina awiriwa ndi amodzi, ndipo owonerera amadziwa kuti mwana kusukulu saitanidwa ndi zilembo.

Kwathu dzina limachokera kwa agogo kapena azakhali mwana akatuluka m'chikuta, ndipo boma silifunsa. Ku France makolo anapatsidwa ufulu wosankha dzina lililonse mu 1993, komabe wolembetsa ana akaona kuti dzinalo lidzamupweteka mwana amakanena kwa woimira boma pamilandu, woweruza n'kugamula. Khoti la mumzinda wa Valenciennes linakanapo dzina lakuti Nutella, mwanayo n'kukhala Ella. Choncho Pierre akamakalipa, m'bwalomo muli anthu amene akuwerengera m'mutu ngati Adolphe angadutse kukhoti.

Chimene ndimalikondera seweroli n'chakuti dzinalo ndi nyambo chabe. Vincent ankangomuputa mlamu wake, koma pofika poulula, chitseko chatseguka kale ndipo aliyense akutulutsa zimene anasunga kwa zaka. Pierre amauzidwa kuti ndi woumira komanso kuti mayina a ana ake, Apollin ndi Myrtille, ndi oseketsa. Apa bwalo limaseka momasuka, mwamuna n'kumagunda mkazi wake ndi chigongono. Claude akaulula kuti ali pachibwenzi ndi Françoise, mayi wamasiye wobereka Vincent ndi Élisabeth, phokoso limakhala lalikulu kuposa la dzina lija, chifukwa palibe amene amayembekezera.

Kenako Élisabeth amayankhula. Usiku wonse wakhala akupita kukhitchini n'kubwerako ndi mbale za chakudya cha ku Morocco, nkhani n'kumamupita, osamufunsa maganizo. Akaima n'kuwerengera mwamuna wake ndi mlongo wake zonse zimene anasiya kuti iwo atukuke, kuseka kumazilala pang'onopang'ono ngati moto wothiridwa mchenga. Amuna amayang'ana pansi. Élisabeth akatuluka, amene amayamba kuwomba m'manja sewero lili mkati ndi akazi. Pamenepo ndi pamene pali mtima wa seweroli, ndipo n'zosadabwitsa kuti Valérie Benguigui, amene anasewera Élisabeth mufilimu, analandira mphoto ya mafilimu a ku France ya César mu 2013.

Alendo ambiri chimawagwetsa ndi liwiro la Chifalansa. Anthuwa amadulana mawu, ndipo kuseka kumakwirira chiganizo chotsatira. Mankhwala ake ndi kuonera filimuyo kaye, ya mawu omasulira pansi, tsiku limodzi kapena awiri musanapite. Kudziwa mathero sikuchotsa kanthu, kumakumasulani kuti muone nkhope za anzanu. Matikiti a tsiku lomwelo amapezeka pa theka la mtengo pa kanyumba ka Kiosque Théâtre pa Place de la Madeleine, koma pitani masana, ndipo musakonzekere Lolemba chifukwa nyumba zambiri za zisudzo zimapuma. Pogula, werengani bwino. Mawu akuti visibilité réduite akutanthauza kuti nsanamira kapena ngodya idzakubisirani mbali ya nsanja, ndipo musewero limene wina akhoza kukhala chete pakona nkhope yake ikuyankhula, mwataya zambiri. Strapontin ndi kampando kopinda ka m'mphepete mwa njira, kotsika mtengo koma kolimba, ndipo msana umadandaula pakatha ola. Mpando wabwino kwa wofuna kuona nsanja ndi anthu nthawi imodzi ndi wa mzere woyamba wa khonde lam'mwamba, cham'mbali pang'ono.

Sungani ndalama yachitsulo ya 1 kapena 2 euro m'thumba. M'nyumba zambiri za zisudzo zomwe si zaboma, wokulondolerani kumpando amadalira kangachepe kameneko, pomwe m'zaboma sapereka. Fikani mphindi 20 nthawi isanakwane, chifukwa wochedwa akhoza kupeza mpando wake wapita kapena kuimitsidwa kumbuyo. Pamapeto musathamangire kukhomo. Anthu amawomba m'manja mogwirizana, kugunda kumodzi, mpaka ochita sewero atabwerera katatu kapena kanayi, ndipo wosewera Élisabeth akapita patsogolo yekha mudzamva kusintha kwa mphamvu ya manjawo. Panja, panjira yopita ku siteshoni, ndinamva banja lina likutsutsana mokweza ngati Claude analakwa kubisa chibwenzi chake, ndipo anatsika masitepe a sitima asanagwirizane.