Lachisanu la ku Cape Town

Masana ano mnzanga wachisilamu watseka shopu n'kuthamangira kukaswali ku mzikiti wa Auwal ku Bo-Kaap, wakalekale uja wa mu 1794. Madzulo ano ku Sea Point, mayi wachiyuda amene ndimawagwirira ntchito ayatsa makandulo awiri dzuwa lisanalowe, aphimba maso ndi manja, Sabata layamba. Ine ndangoima pakhomo la khitchini, mtima uli zii.

Onsewa nkhumba sadya, onse amati Mulungu ndi mmodzi, Abrahamu ndi kholo lawo. Abale, zimandiwawa ndikamamva anthu akuti Myuda ndi Msilamu sangamwerane madzi. Buledi wa Sabata ali patebulopo wabwera naye dalaivala wachisilamu, ndipo mayiwa amuimitsa pageti kumufunsa ngati mwana wake wachira.