Maluwa a iris nawo ali ndi kaundula

Lero m'mawa ndimathandiza mayi wina wachikulire kupalira maluwa a iris. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, usakwirire rhizome yonse, tsinde lonenepa longa muzuli, msana wake uzionekera kuti uziwombedwa ndi dzuwa." Kenako anandilozera duwa lija: timasamba titatu toimirira ndi ma standards, titatu togwera pansi ndi ma falls, ndipo tiubweya tapamwamba pa ma falls amati beard.

Chandisangalatsa kwambiri n'chakuti mayina a mitundu ya iris sangoperekedwa mwachisawawa. Bungwe la American Iris Society, lomwe linayamba mu 1920, limasunga kaundula wa mayinawa, ndipo Iris Encyclopedia yawo, yofotokoza mitundu ya iris, ili pa intaneti, yaulere, zithunzi zili momwemo. Amene mumabzala iris, kaisakeni madzulo ano, simudandaula.