Sabata yomanga makompyuta a magemu pa ndalama zochepa

Lolemba m'mawa m'shopu muno momangira ndi kukonzera makompyuta munabwera mnyamata wa ku koleji ali ndi mndandanda umene anakopera pa YouTube. Ankafuna kompyuta yosewerera EA Sports FC, GTA V ndi Fortnite pa sikirini ya 1080p. Pamndandandapo panali purosesa ya ma core 8, choziziritsira chamadzi cha timagetsi tothwanima, ndipo kumapeto kwenikweni graphics card ya RX 6500 XT. Ndalama zinathera pa zokongoletsa, chida chimene chimajambula gemuyo n'kulandira zotsalira.

"Achimwene, mndandandawu tiuyambire kumunsi," ndinamuuza. Ndalama zikakhala zochepa, gawo lalikulu, ngakhale kuyandikira theka, lizipita ku graphics card. RX 6500 XT ili ndi memory ya 4GB yokha, ndipo imalankhulana ndi motherboard (bodi yolumikizirapo zida zonse) kudzera m'njira 4 zokha za PCIe. Mukaiika pa bodi ya PCIe 3.0, gemu ikadzaza 4GB ija chithunzi chimayamba kudukizadukiza. Tinasankha RX 6600: ili ndi 8GB, imadya 132W, imafuna chingwe chimodzi cha mapini 8, ndipo magemu atatu aja imawakwanitsa bwino pa 1080p.

Purosesa tinatsikira pa Ryzen 5 5600, ya ma core 6 ndi 65W, imene imabwera ndi fani yake m'bokosi. Faniyo ndi yokwanira, choncho choziziritsira chamadzi chinachoka. Ryzen 5 5500 ndi yotsikirapo mtengo, koma cache yake (memory yachangu ya m'kati mwa purosesa) ndi 16MB pamene ya 5600 ndi 32MB, ndipo imathera pa PCIe 3.0. Ndimaivomera pokhapokha ngati ndalama zopulumukazo zikukakweza graphics card. Dziwaninso kuti ziwirizi sizitulutsa chithunzi pazokha. Amene akufuna kuyamba wayatsa kompyuta, khadi (graphics card) adzagule miyezi ikubwerayi, atenge 5600G, imene imatulutsa chithunzi payokha.

Motherboard mnyamatayo anali atagula kale, B450 imene inakhalitsa pa shelefu, ndipo ndi imene inadya Lachiwiri lonse. Titalumikiza zonse pa tebulo, mafani anazungulira koma sikirini inangokhala bii, kanyali ka pa bodi kolembedwa CPU (purosesa) kali chiyakire. Palibe chimene chinafa. Ma B450 anatuluka mu 2018, 5600 inatuluka mu 2022, ndiye BIOS yakale (pulogalamu ya pa bodi yoyatsira kompyuta) siidziwa purosesayo. Bodi ikakhala ndi batani la flash kumbuyo, ntchito ndi yophweka. Mumafomata fulashi kukhala FAT32, n'kuikamo fayilo ya BIOS ya bodi yomweyo, osati yofanana nayo dzina, n'kuisintha dzina monga mmene opanga akunenera (pa MSI imakhala MSI.ROM). Kenako mumalumikiza chingwe cha mapini 24 ndi cha purosesa, kubaya fulashi pa doko lake lolembedwa, kudina batani, n'kudikira mpaka kanyali kasiye kuphethira. Iyi inalibe batanilo, ndiye tinaika kaye Ryzen 3 2200G imene timasungira ntchito yomweyi, tinakweza BIOS, n'kubwezera 5600. Ntchito imeneyi musaigwire popanda UPS, chida cha batire chimene chimapitiriza kupereka magetsi akathima. Magetsi akathima pakati, bodi singayakenso mpaka kachipu ka BIOS kalembedwe ndi makina apadera.

RAM (memory ya kompyuta) tinaika timitengo 2 ta 8GB DDR4-3200, osati kamodzi ka 16GB, chifukwa tiwiri timatsegulira purosesa njira ziwiri. Pa bodi ya mipata 4 timalowa mu wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa. Mukapanda kuyatsa mu BIOS XMP, njira yoyendetsera RAM pa liwiro lake lonse imene ASUS imaitcha DOCP, RAM yambiri ya 3200 imangoyenda pa 2133 kapena 2400. Makompyuta ambiri obwera m'shopu muno ndimawapeza ali choncho chigulireni.

Lachitatu bambo wina amene ali ndi malo osewetsera ana magemu anabweretsa makhadi awiri a RX 580 ogwiritsidwapo kale ntchito kuti ndiwaone asanamalize kulipira. Makhadi amenewa ndi ambiri pamsika chifukwa ankakumbira ndalama za crypto usana ndi usiku. Choyamba poyesa ndi GPU-Z, pulogalamu yoonetsa zam'kati mwa khadi. RX 580 yeniyeni imaonetsa ma shader 2304, ikaonetsa 2048 ndi mtundu wa 2048SP, umene mphamvu yake ndi ya RX 570 ngakhale bokosi likunena zina. Chachiwiri ndi driver, pulogalamu yoyendetsera khadi: khadi limene BIOS yake inasinthidwa ndi okumba crypto kawirikawiri limakana driver ya AMD, Windows n'kulemba Code 43. Chachitatu ndi FurMark, pulogalamu yothithikiza khadi, kwa mphindi 30, maso ali pa kutentha ndi pa sikirini, kenako kuyesa doko lililonse la HDMI ndi DisplayPort palokha. Khadi loyamba linapambana, linangofunika thermal paste (mafuta othandiza kuchotsa kutentha) yatsopano. Lachiwiri linayamba kuwaza timadontho tobiriwira patangotha mphindi zochepa, chizindikiro cha memory yotopa, ndipo linabwerera kwa mwini wake. Ndinawakumbutsanso bambowo kuti RX 580 imadya 185W pamene RX 6600 yamphamvu kuiposa imadya 132W. Pa makina oyaka tsiku lonse, kusiyana kumeneko kumaoneka pa mayunitsi.

Ntchito imene imandidetsa nkhawa kwambiri inabwera Lachinayi. Kompyuta inkathima yokha gemu ikafika pothithikana, koma pa YouTube kapena polemba inalibe vuto. Mwini wake anali atasintha kale Windows kawiri. Nditatsegula ndinapeza power supply (chida chopereka magetsi ku zida zonse) yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, yolembedwa 500W ndi zilembo zikuluzikulu. Nambala imeneyo musaikhulupirire, werengani katebulo ka pambali. Purosesa ndi graphics card zonse zimakoka pa mzere wa 12V, ndipo apa panalembedwa 18A. Mukachulukitsa 12 ndi 18 mupeza 216W basi. Khadi lokha linkafuna 185W, purosesa ndi zina zisanawerengedwe. Power supply yabwino ya 550W imapereka pafupifupi 45A pa 12V.

Choopsa kwambiri chinali chingwe. Popeza power supply imeneyi inalibe cha mapini 8 cholowa pa khadi, munthu wina anaika adaputala yochokera pa chingwe cha SATA. Mutu wa SATA unapangidwira 54W, pamene wa mapini 8 umanyamula mpaka 150W. Pulasitiki inali itayamba kale kuderako ndi kununkha. Nyumba zimapsa ndi zinthu ngati zimenezi, ndipo ine kompyuta yokhala ndi adaputala yotere siituluka m'shopu muno. Chizindikiro cha 80 Plus Bronze chimangonena za kusawononga magetsi, sichilonjeza kulimba, komabe power supply yopanda ngakhale chimenecho, yopanda dzina la kampani ndi walanti, ndimaikana.

Kwathu kuno nkhani ya power supply siithera m'bokosi. Magetsi akamabwerera atathima ndi pamene zida zambiri zimapsa, choncho ndalama ya UPS ya AVR (yowongola magetsi akakwera kapena kutsika) iziwerengedwa limodzi ndi zida zina kuyambira pachiyambi. Chenjerani ndi manambala: 650VA sikutanthauza 650W, nthawi zambiri ndi pakati pa 360W ndi 390W. Pa 5600 ndi RX 6600 pamodzi ndi sikirini ndimalangiza 1000VA kuti pakhale mpata. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani gemu, zulani pulagi ya UPS kukhoma. Kompyuta ikathima nthawi yomweyo, ndiye kuti UPS yachepa kapena siikugwirizana ndi power supply yanu.

Lachisanu tinamanga ya mnyamata uja. Bokosi la kompyuta tinasankha la sefa kutsogolo, mafani 2 olowetsa mpweya ndi 1 wotulutsa kumbuyo. Mabokosi otseka ndi galasi kutsogolo amaoneka bwino, koma m'mwezi wa Okutobala amaphika zida. Musanamange bodi, werengani timiyendo tamkuwa ta pansi pake, chifukwa kamodzi kakakhala pamalo popanda bowo kamagunda bodi n'kuchititsa shoti. SSD (posungira magemu ndi mafayilo) tinaika ya NVMe ya 1TB, poti FC yokha imafuna malo okwana 100GB ndipo ya 256GB ikanadzaza ndi magemu awiri. Mu BIOS tinayatsa fTPM ndi Secure Boot chifukwa cha Windows 11, popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, tinayatsanso Above 4G Decoding ndi Resizable BAR. MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, inayenda usiku wonse popanda cholakwa. Pomupatsa ndinamuonetsa pobaya HDMI, pa khadi osati pa motherboard, ndi posinthira sikirini yake kuchoka pa 60Hz, pamene Windows inaisiya, kufika pa 144Hz.

Loweruka kunabwera mayi wina ndi Dell OptiPlex yaing'ono ya mu ofesi, akufuna mwana wawo azisewererapo. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo kuposa zonse, koma ili ndi malire. Bokosi lake ndi lopyapyala, power supply yake ndi yochepa mphamvu ndipo mapulagi ake ndi a Dell yokha, choncho pamalowa khadi lalifupi la low profile losafuna chingwe chapadera, lokhutira ndi 75W ya pa mpata wa PCIe. "Mayi, tifufuze GTX 1650 kapena RTX 3050 ya 6GB, zonse zikhale za low profile," ndinawauza. Tinawonjezera kamtengo kachiwiri ka 8GB, tinachotsa hard disk n'kuika SSD, ndipo makinawo akudikira khadi pa shelefu.